Khoti likati "alibe mlandu chifukwa cha misala", musathamangire kupha nkhuku

Mayi wina wa ku Mabvuku anandiimbira foni usiku, mawu akunjenjemera, akuti a loya, mwana wanga apolisi amugwira, waswa mawindo a shopu ya eni ndi njerwa ndiye wamenyanso gadi. Ine ndinangofunsa kuti kodi amamwa mankhwala aliwonse? Anakhala kaye chete, kenako akuti eee amamwa aja a mutu koma anasiya mu Juni, tinapita naye kwa mneneri. Nkhani zotere ndazimva kambirimbiri m'makhoti a muno mu Harare, ndipo nthawi zambiri achibale amabisa matendawo tsiku loyamba chifukwa cha manyazi, osadziwa kuti chomwe akubisacho ndi chomwe majisitireti akufunika kumva msanga.

Pali mafunso awiri omwe khoti limafunsa ndipo anthu amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti panopa, lero lino, munthuyu mutu wake ukugwira moti angatsatire mlandu wake n'kudziyankhira? Izi zili mu Mental Health Act ya 1996, lamulo la Zimbabwe lokhudza odwala m'maganizo. Majisitireti akaona yekha kapena akauzidwa kuti munthuyu sali bwino, amaimitsa mlandu n'kulamula kuti madokotala awiri amupime. Akapeza kuti zoona sangathe, amapita kaye kukalandira mankhwala. Apa mvetsani bwino abale anga, mlanduwo sunafe ayi, wangogona, akachira atha kuudzutsanso.

Funso lachiwiri ndi la tsiku lomwe anapalamulalo. Gawo 227 la Criminal Law Code ya 2004, lamulo la milandu yaupandu, limati ngati matenda a m'maganizo anamuchititsa kuti asazindikire chomwe akuchita, kapena asazindikire kuti n'cholakwa, kapena ankazindikira koma analibe mphamvu yodziletsa, ndiye kuti alibe mlandu. Koma pali kambali kena komwe ambiri sadziwa. M'milandu ina yambiri ndi boma lomwe limayenera kutsimikiza kuti wapalamula, pomwe pa nkhani ya misala lamulo limatembenuka, ndi woimbidwa mlanduyo yemwe ayenera kuonetsa khoti kuti ankadwala. Ndiye aonetsa bwanji munthu ali m'selo, osasamba, mwina sakudziwa n'komwe kuti lero ndi lachingati? Ndi inuyo a kunyumba. Makhadi aja a ku Annex, chigawo cha odwala misala ku chipatala cha Parirenyatwa, kapena a ku chipatala chachikulu chija timachitcha Gomo, mabotolo a mapilisi ngakhale otha, kabuku kolemba masiku a jakisoni, zonsezo ndi umboni, musazisonkhezere moto. Dokotala wa khoti amamuona munthu patapita masabata kapena miyezi, mwina atadekha kale, ndiye za tsiku lijalo amazidziwira kwa inu ndi m'mapepala basi.

Tsopano khoti likavomera limapereka chomwe amati special verdict, kuti alibe mlandu chifukwa cha misala. Ndaonapo anthu akululutira pakhonde la khoti atamva mawu amenewa, ena kuimbira foni kunyumba kuti gwirani tambala uja. Ine mtima umandiwawa chifukwa sikuti munthu akutuluka tsiku lomwelo nthawi zonse. Woweruza ali ndi njira zingapo. Ngati wachira kale atha kumumasula, ngati mlandu unali waung'ono atha kulamula kuti akalandire chithandizo ku chipatala wamba achibale akuyang'anira, koma ngati mlandu ndi waukulu, kuvulaza kapena kupha munthu, amamutumiza ku malo apadera, omwe ndi chigawo cha odwala misala cha ku Chikurubi kuno ku Harare kapena Mlondolozi ku Bulawayo. Malo amenewa ali pansi pa a ndende. Ndipo chovuta kwambiri n'chakuti mkaidi wamba amadziwa tsiku lake lotuluka, amawerenga miyezi pa zala, pomwe wodwala uyu alibe deti. Kuti atuluke pamafunika madokotala alembe kuti ali bwino, komiti yapadera imuone, nkhani ipite ku Mental Health Review Tribunal, bwalo lounika nkhani za odwala otsekeredwawa, ndipo onsewa amafunsa funso limodzi, akatuluka apita kwa ndani, adzamukumbutsa mankhwala ndani? Pakasowa wachibale woti anene kuti ndi wanga uyu, munthu atha kukhala zaka zoposa zomwe akanagwira ukaidi akanangopezeka wolakwa.

Apa ndiye pamatipweteka ife ana a anthu obwera. Agogo athu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, mafamu atasokonekera kuyambira 2000 mabanja anabalalika, wina ku Epworth, wina ku Hopley, wina anawoloka kupita ku Joni, nambala ya foni yomwe inalembedwa pa fayilo inasiya kugwira kalekale. Kumudzi komwe anzathu achishona amati mutumizeni kwa asekuru ake, ndiye kuti agogo kapena amalume, ife tilibe muno. Pa maliro timasonkhana bwino, mabungwe athu a maliro sagona, koma wamoyo ali ku Chikurubi palibe womuyendera. Mukasamuka nyumba kapena kusintha laini, pitani mukawauze, ndi kanthu kakang'ono koma ndaona kakutsekera munthu chitseko.

Achinyamata a mankhwala ozunguza bongo aja a mutoriro ndi bronco, musanamizane pa kona kuti ukapalamula utaledzera umangoti ndinapenga. Kuledzera kodzifunira wekha sikukuchotsera mlandu. Zimasiyana pokhapokha mankhwalawo atawononga mutu mpaka kukhala matenda okhalitsa, ndipo woti anene zimenezo ndi dokotala, osati anzako. Palinso ena omwe matenda awo alipo ndithu koma sanafike poti osazindikira kanthu, amenewa gawo 218 la Criminal Law Code ija limati mlandu ali nawo koma khoti litha kuchepetsa chilango.

Omwe amandidetsa nkhawa kwambiri si aja okuwa ndi kuvula zovala, amenewo aliyense amaona. Ndi aja ofatsa, omwe anabadwa nzeru zili zochepa, sukulu inawakanika ali giredi 2, munthu wa zaka 30 koma maganizo a mwana. Ameneyu wapolisi akafunsa unaba iwe? amati eya. Majisitireti akafunsa ukuvomera mlandu? amati eya, chifukwa moyo wake wonse anaphunzira kuti ukavomera akuluakulu sakukalipira. Mphindi khumi mlandu watha, wapita kundende, palibe yemwe wazindikira kanthu. Lamulo lija la 1996 limateteza amenewanso, si a misala okha, koma pamafunika wina atsegule pakamwa. Osamva ndi osalankhula nawonso amafunika wina awalankhulire. Konstityushoni ya 2013 inaika zilankhulo 16 ngati zovomerezeka, Chichewa chilipo, chinenero chamanja chiliponso, ndipo woimbidwa mlandu ali ndi ufulu womasuliridwa m'chilankhulo chomwe amamva. Agogo omwe Chishona chawo n'chongogulira tomato ku Mbare asamachite manyazi kupempha womasulira, chifukwa ukamayankha zosemphana ndi funso anthu amayamba kuganiza kuti mutu sukuyenda, kapena kuti ukuzemba dala.

Womangidwa amayenera kufika kukhoti pasanathe maola 48, ndiye nthawi yoti muziyamba mwakambirana ku banja kuti tinene kapena tisanene palibe. Uzani wapolisi wofufuza, uzani woimira boma pa mlandu m'mawa khoti lisanayambe, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya kuli Legal Aid Directorate ya boma yomwe imathandiza osauka. Ngati amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku pitani nawo limodzi ndi khadi lake, masiku ochepa osamwa amatha kubweza munthu kumbuyo zedi.

Mayi a ku Mabvuku aja anafika m'mawa mwake ndi jumbo ya shuga yodzaza makhadi, ena a zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, onyowa m'makona. Anaimirira kumbuyo m'khoti n'kukweza dzanja ngati ali m'kalasi, majisitireti anawalola kulankhula. Mnyamatayo anatumizidwa kukapimidwa, ndipo pomwe ndikulemba pano akudikirabe dokotala wachiwiri. Mayiwo amakwera makombi (maminibasi) awiri Loweruka lililonse kukamuona, atanyamula sopo ndi chiponde.