Mdyerekezi timamukaniza, nyambo timaithawa

Bambo wina anandipeza ku ofesi ya tchalitchi Lolemba lina kukuwaza mvula, milomo itauma, maso ali psuu. Anali atangotsika kuphiri la Zomba kumene anatha masiku atatu akusala kudya. Nkhani yake inali yoti malipiro akangolowa pafoni, tsiku lomwelo amayamba kubetcha. Amayamba ndi mpira, kenako kandege mpaka tambala womaliza. Pofika pa 5 ya lendi palibe, ya fizi palibe, ndiye ulendo wa kwa akatapila. Kunyumba amati malipiro achedwa.

"Abusa, pali chiwanda chikundidyera ndalama. Andiuza kuti chikuchokera kumudzi, kwa azakhali anga."

"Nanga kuphiriko foni munasiyira ndani, bambo?"

Anayang'ana pansi, n'kuisolola m'thumba la jekete. Anapita nayo. Usiku wachiwiri, anzake atagona tsonga ndi kutopa, iye anapatuka kuseri kwa mwala ngati akukapemphera payekha, n'kuluza ndalama yomwe anasungira yokwerera kabaza pobwerera.

Ndisanapitirire ndinene poyera: ine ndine mbusa, ndipo ndimakhulupirira kuti Mdyerekezi alipo, mizimu yoipa iliponso. Sindinyoza opemphera kuphiri, pajatu Ambuye Yesu ankakwera phiri kukapemphera usiku wonse. Chimene ndaona pa zaka zimene ndakhala ndikulangiza anthu n'chakuti tinasinthanitsa malangizo awiri a m'Malemba. Chimene tinauzidwa kuti tichikanize timachiopa n'kumachithawa. Chimene tinauzidwa kuti tichithawe timakhala nacho pampando umodzi, kwinaku tikufuula kuti "moto! moto!"

Tsegulani Yakobo 4:7 ndi 1 Petro 5:8-9. Pa za Mdyerekezi mawu ake ndi akuti mukanizeni, ndipo Yakobo akuonjezera kuti wothawa adzakhala iyeyo. Tsopano onani pamene akunena za chilakolako. Pa 1 Akorinto 6:18 akuti thawani dama. Pa 1 Timoteo 6:10-11, atangonena za chikondi cha pa ndalama, Paulo akuuza Timoteo kuti athawe zimenezi. Pa 2 Timoteo 2:22 akumuuzanso kuti athawe zilakolako za unyamata. Palibe pamene akuti khala nacho pafupi uzichidzudzula. Yosefe, mkazi wa Potifara atamugwira malaya, sanayambitse mapemphero m'chipindamo. Anasiya malayawo m'manja mwa mayiyo, liwiro la mtondo wadooka. Davide, pa 2 Samueli 11, nthawi imene mafumu amapita kunkhondo iye anatsala pakhomo, n'kumayendayenda patsindwi madzulo. Zotsatira zake mukuzidziwa: mimba, bodza, kenako maliro a Uriya.

Chifukwa chake Yakobo akuchifotokoza pa mutu 1, ndime 13 mpaka 15, ndipo munthu amene anafikapo padooko la Kachulu sangavutike kumva. Akuti munthu amayesedwa pamene chilakolako chake chomwe chimukoka ndi kumunyenga. Mawu a Chigriki amene ali pamenepa ndi a asodzi ndi alenje, onena za kukola ndi nyambo. Msodzi wa mlamba pa Chilwa sathamangitsa nsomba. Amangobisa mbedza m'chinthu chimene mlambawo umachikonda kale, n'kudikira. Mbedza ndi ya msodzi, koma njala ndi ya mlamba. N'chifukwa chake nyambo ya ine si ya inu. Pali anthu oti mungawasiyire chikwama cha chopereka chaka chathunthu osasowa tambala, koma muwauze chinsinsi cha mnzawo m'mawa, pofika masana chafika ku Chinamwali. Ena mowa alibe nawo ntchito, koma mkwiyo wawo ana amachita kubisala kuseri kwa chitseko. Yakobo akupitiriza ndi chithunzi cha mimba: chilakolako chimaima, chimabala tchimo, tchimolo likakula limabala imfa. Mimba sibadwa tsiku limene yaima. Pakati pa ganizo ndi tchimo pali mpata, ndipo nkhondo yambiri imamenyedwera mumpata umenewo.

Akhristu akale anaufufuza bwino mpatawu. Evagrius, mmonke amene anakhala m'chipululu cha Iguputo n'kumwalira m'chaka cha 399, anaika m'magulu 8 maganizo amene amavutitsa munthu: dyera, dama, kukonda chuma, chisoni chofooketsa, mkwiyo, mphwayi pa zauzimu, kufuna kutamandidwa ndi kunyada. Chiphunzitso chake chinali chakuti kubwera kwa maganizowa sikuli m'manja mwathu, koma kuwayalira mphasa kuli m'manja mwathu. Izi ndimazibwereza kawirikawiri kwa achinyamata, chifukwa ambiri amadziona ngati atayika kale pongoti ganizo loipa lawadutsa m'mutu, ndiye amati bola ndingomaliza. Kuyesedwa si kuchimwa. Ahebri 4:15 akuti Yesu anayesedwa m'zonse monga ife, koma sanachimwe.

Tsono tifike pa ndime imene imalalikidwa kwambiri pa maovanaiti, Aefeso 6:10-18. Mzinda wa Efeso unali wodzaza ndi zamatsenga. Machitidwe 19:19 akuti anthu atatembenuka mtima anatentha mabuku awo a matsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Choncho amene ankalandira kalatayi ankadziwa mantha a kulodzedwa monga tiwadziwira ife. Nanga anapatsidwa chiyani? Lamba wa choonadi, chapachifuwa cha chilungamo, nsapato za Uthenga Wabwino wa mtendere, chishango cha chikhulupiriro, chisoti cha chipulumutso, ndi lupanga limene ndi Mawu a Mulungu, zonsezi m'pemphero. Ndipo lamulo limene likubwerezedwa m'ndimeyi si lakuti pitani mukamusake mdani. Ndi lakuti chirimikani, imani nji.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi chida choyambacho. Msilikali wachiroma ankamanga lamba kuti chovala chake chisamupinge ndipo lupanga linkapachikidwa pomwepo. Lamba akamasuka, zina zonse zimalendewera. Kwa bambo aja, lamba wa choonadi sikunali kuloweza mavesi ayi. Kunali kukhala pansi ndi mayi akunyumba n'kunena kuti, "Malipiro sanachedwepo mwezi ndi umodzi womwe." Anandiyankha kuti bola kusala masiku 21. Ndinamumvetsa, chifukwa njala ya m'mimba ndi yopepuka poyerekeza ndi manyazi. Koma mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Za lupanga nazo pali chotiphunzitsa. Pa Mateyu 4, atasala masiku 40, Yesu anayankha woyesayo katatu, ndipo mayankho onse atatu anachokera m'buku limodzi la Deuteronomo, mutu 6 ndi mutu 8. Anali mayankho aafupi, olunjika pa nyambo imene inali patsogolo pake. Chodabwitsa n'chakuti Mdyerekezi nayenso anatchula Malemba, ndipo amene anasankha ndi Salimo 91, lomwe lija ambiri timalisiya chitsegulire pansi pa pilo. Baibulo lotsegula pansi pa pilo silisiyana kwenikweni ndi chithumwa cha m'chiuno, tangosintha kokagula. Ana aamuna 7 a Skeva, m'mutu womwe uja wa Machitidwe 19, anayesa kugwiritsa dzina la Yesu ngati mankhwala otsirikira, ndipo anatuluka m'nyumba ali maliseche, mabala okhaokha. Wina andifunsa za nsalu zochokera pathupi la Paulo zimene zinachiritsa odwala pa ndime 12. Zilipodi. Koma sindinaone pamene analembapo mtengo wake, ndipo Simoni, wamatsenga wa ku Samariya, atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, yankho la Petro pa Machitidwe 8:20 silinali lonyengerera. Kabotolo ka mafuta kokhala ndi mtengo kazikupatsani mafunso.

Pali mbali ina imene sindiseka nayo. Ndime 12 ya Aefeso 6 ikunena mosabisa kuti kulimbana kwathu sikuli ndi thupi ndi mwazi. Azakhali ndi thupi ndi mwazi. Agogo amene maso awo anafiira ndi utsi wa nkhuni ndi thupi ndi mwazi. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti mtsikana wina ataombedwa ndi mphenzi, ndipo nkhani zotere sizinathe. Zambiri zimayamba ndi mawu ooneka opepuka, akuti "pali wina kumudzi". Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la 1911, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kaya wotchulayo wavala mkanjo woyera kapena wanyamula nsupa. Ndipo pemphero lija lakuti zibwerere kumene zachokera, tikalisenda bwino, nthawi zambiri timakhala tili ndi nkhope ya munthu m'maganizo. Amene tikumutchula dzina popempherapo anati tizidalitsa otitemberera. Mukaona nkhondo yauzimu yakusiyani mukudana ndi mlongo wa bambo anu, dziwani kuti wapambana pamenepo si inu.

Chimodzimodzi pa matenda. Mateyu 4:24, potchula anthu amene anabwera nawo kwa Yesu, akusiyanitsa ogwidwa ndi ziwanda, akhunyu ndi ofa ziwalo. Sakuwaika m'dengu limodzi. Khunyu lili ndi mankhwala, ndipo ambiri amene amamwa mosadumphitsa amasiya kugwa. Mwana amene watentha thupi n'kuyamba kukomoka, muthamangire naye kuchipatala, mupemphere muli panjira, chifukwa malungo akakwera kumutu sadikira kuti ovanaiti ithe. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi woti chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chili pakhomo pathu pomwe, ndiye n'zomvetsa chisoni kumva kuti wachinyamata amene akumva mawu m'mutu wamangidwa unyolo milungu ingapo pamalo a mapemphero. Ndipo mtumiki aliyense wokuuzani kuti mutaye ma ARV kapena mankhwala a shuga poonetsa chikhulupiriro, akukuuzani zomwe zija Yesu anauzidwa pamwamba pa Kachisi: dziponye pansi, angelo akuwakha.

Kodi ndiye kuti kugwidwa ndi mizimu kulibe? Kulipo, ndipo mpingo wakhala ukupempherera otere kuyambira kale. Koma mipingo imene yayenda nayo nthawi yaitali ntchitoyi imadekha. Kwa Akatolika, wansembe sachita mwambo waukulu wotulutsa ziwanda popanda chilolezo cha episkopi, ndipo amayamba atsimikiza kuti si matenda. Kufatsa kotereku si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Bambo aja tinagwirizana zinthu zooneka zazing'ono. 1 Akorinto 10:13 akuti Mulungu amaika populumukira pamodzi ndi chiyesocho, ndipo populumukira pake panali poonekeratu. Anachotsa zobetchera zonse mufoni ine ndikuona. Tinapeza kuti ola lake loopsa ndi la 10 usiku, ena onse akagona, ndiye foni izigona kuchipinda chochezera. Tsiku la malipiro, ndalama ya lendi ndi ya fizi izichoka dzuwa lisanalowe. Mkulu wa mpingo mmodzi, amene bamboyo anasankha yekha, azimuimbira pa 27 mwezi uliwonse n'kumufunsa mosazungulira. Kusala kudya sindinamuletse, ndinangoti foni izitsala.

Kuulula kwa mayi kunatenga milungu itatu. Anabwera onse awiri Lachinayi lina mvano itatha, mayiwo atavala yunifolomu yawo. Bamboyo anayankhula akuyang'ana nsapato zake. Atamaliza, mayi anakhala chete nthawi ndithu, kenako anati, "Ndinkadziwa kalekale, abusa. Anzawo ogwira nawo ntchito timagula nawo limodzi matemba pa Mpondabwino."

Anagwanso kamodzi mu Disembala, ndipo nthawi imeneyi anaimba yekha foni kwa mkulu wa mpingo uja kusanache. Pa Khrisimasi anapita kumudzi ndi shuga ndi sopo wa azakhali.