Jakisoni wa nsagwada kwa okukuta mano: mafunso ndi mayankho

Chifalikireni uthenga pa WhatsApp woti pachipatala chathu cha mano muno mu Zomba tikubaya jakisoni wa nsagwada, anthu akumalawirira ndalama zili m'manja, ena kuchokera ku Domasi ndi ku Thondwe. Ambiri abwerera osabayidwa, ndipo madandaulo awo tawamva. Nawa mafunso amene akubwerabwera.

Kodi mankhwalawa ndi otani?

Ndi botulinum toxin, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Botox. Ikani zala patsaya, kutsogolo kwa khutu chakumunsi, kenako lumani mano mwamphamvu. Mnofu umene ukutukumukawo ndi umene timabaya, nthawi zinanso wa m'mbali mwa mutu. Mankhwalawa amatseka uthenga wochoka ku mitsempha kupita ku mnofu, choncho mnofuwo sugwira mwamphamvu ngati kale.

Ndinabwera ndi ndalama zanga. Munandibwezeranji?

Tsiku loyamba sitibaya munthu aliyense, ndipo lamuloli sitisintha ngakhale mwachokera kutali. Sikuti tikukuderani. Nsagwada imapweteka pa zifukwa zambiri: dzino lobowoka, mafinya m'nkhama, dzino lakumapeto limene lamera mopingasa, khutu, kapena vuto la pamfundo pamene nsagwada imalumikizana ndi mutu. Jakisoni sathandiza pa zambiri mwa izi, ndipo kubaya munthu amene ali ndi mafinya n'kungochedwetsa chithandizo chenicheni.

Tikapeza kuti vuto ndi kukukuta mano, timayamba ndi njira zosafuna singano: chotchingira mano chapulasitiki chovala pogona, kuthowa tsaya ndi kansalu kofunda, kusiya kaye mzimbe, chingamu ndi chimanga chootcha, kuchepetsa khofi, mowa ndi fodya makamaka madzulo. Nkhawa nayo imawonjezera vutoli, ndipo nyengo ya mayeso timalandira ophunzira ambiri a pa yunivesite ya ku Chirunga matsaya atauma. Za jakisoni timakambirana pokhapokha njirazi zitayesedwa mokhulupirika n'kulephera, ndipo ngakhale pamenepo dokotala angathe kukana. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa sitibaya. Sitibayanso odwala matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis, kapena amene ali ndi chilonda pamalo obayapo. Ngati mukulandira gentamicin, mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda, tiuzeni, chifukwa amawonjezera mphamvu ya mankhwalawa.

Kodi ndi ovomerezeka pa vuto la nsagwada?

Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA linavomereza Botox mu 1989 pa matenda a maso, mu 2002 pa makwinya a pankhope, ndipo mu 2010 pa mutu waching'alang'ala wosatherapo. Kukukuta mano sikuli pamndandandawo. Madokotala a mano m'maiko ambiri amawagwiritsabe ntchito pa vutoli malinga ndi kuona kwawo, ndipo n'chifukwa chake timakusainitsani fomu tisanabaye.

Ndichiriratu?

Ayi. Kusintha kumayamba pakapita masiku ochepa, kumafika pachimake pa sabata ziwiri, ndipo mphamvu yake imatha pakadutsa miyezi 3 kapena 4. Kukukuta mano m'tulo kumayambira mu ubongo. Jakisoni amangochepetsa mphamvu yolumira, choncho chotchingira mano musachitaye.

Bwanji mtengo simuulemba pakhoma? Nanga zikakanika mumabweza ndalama?

Mankhwalawa amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Aliyense akukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa botolo sukhazikika. Komanso anthu salandira mlingo wofanana: wina wa mnofu waukulu amafuna wochuluka kuposa mnzake. Mtengo timakuuzani molemba tikakuyezani, ndipo umagwira pa botolo limene lilipo nthawi imeneyo.

Amene muli pa inshuwalansi yachipatala, musangoganiza kuti ilipira. Funsani kaye kampani yanu, ikupatseni yankho lolemba, chifukwa Botox amadziwika kwambiri ngati mankhwala okongoletsa nkhope. Kalata yofotokoza matenda anu tidzalemba, koma chiganizo chomaliza si chathu. Ndalama sitibweza mankhwala akalowa m'thupi. Tikudziwa kuti izi zimawawa, poti alipodi ena amene ululu suwachoka. Chimene timachita ndi kukuonaninso pakatha sabata ziwiri.

Pali zovuta zanji?

Kutupa pang'ono pobayapo, kutopa potafuna nyama yolimba, ndipo mwa apo ndi apo pakamwa pamapotoka pomwetulira kwa milungu ingapo. Mukamabayitsa kawirikawiri mnofu umachepa ndipo tsaya limalowa. Mukavutika kumeza kapena kupuma, thamangirani ku Zomba Central Hospital.

Mwana wanga amakukuta mano usiku. Nditani?

Ana ambiri amasiya okha akamakula. Bwerani naye tione mano ake, koma ana sitibaya.

Kwina akubaya motchipa. Ndipiteko?

Funsani ngati wobayayo analembetsa ku Medical Council of Malawi, ndiponso ngati mankhwalawo analowa ndi chilolezo cha PMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno. Botolo limasungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, ndiye funsaninso chimene amachita magetsi akazima.

Nsagwada yauma, pakamwa sipakutseguka. Ndidikire tsiku langa?

Musadikire. Ngati munabayidwa ndi msomali kapena muli ndi bala, akhoza kukhala kafumbata. Nsagwada ikamapweteka pamodzi ndi pachifuwa kapena mkono wakumanzere, likhoza kukhala vuto la mtima. Zonsezi n'zopita nazo kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, usiku kapena masana.