Ufulu umene Paris inalemba, Haiti n'kuulipira

Chaka cha 2025 panakwana zaka 200 chilamulireni mfumu ya France, Charles X, kuti Haiti alipire mafranki 150 miliyoni ngati akufuna kuvomerezedwa kuti ndi dziko. Ndalamazo zinali chipepeso cha atsamunda omwe anataya minda ndi akapolo. Pa 17 Epulo chaka chomwecho, pulezidenti wa France, Emmanuel Macron, analengeza gulu la akatswiri a mbiri loti lifufuze nkhaniyi, koma zobweza ndalamazo sanalonjeze.

Gwero la mkanganowu ndi Ogasiti 1789, pomwe nyumba ya malamulo ku Paris inalengeza kuti anthu amabadwa mfulu ndiponso ofanana. Mawuwo anawoloka nyanja n'kufika ku Saint-Domingue, dzina la Haiti m'nthawi ya atsamunda a ku France, kumene akapolo pafupifupi 500,000 ankalima nzimbe ndi khofi. Aliyense anawakokera kwake. Azungu ankafuna kudzilamulira. Vincent Ogé, mfulu yamagazi osakanikirana, ankamenyera ufulu wovota wa anthu onga iye, akapolo ayi. Anagalukira mu 1790, ndipo mu Febuluwale 1791 anamupha pomuthyola mafupa pa gudumu ku Cap-Français, khamu likuonerera.

Kwa ine, zinthu zinatembenukira pamenepa. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, usiku wa pa 22 Ogasiti, akapolo anagalukira ndipo minda yakumpoto inayaka moto. Za msonkhano wokonzekera kugalukiraku, womwe akuti mtsogoleri wa akapolo Boukman anachititsa m'nkhalango ya Bois Caïman, anayamba kulemba ndi Antoine Dalmas, dokotala wachitsamunda yemwe ankanyoza akapolowo, choncho olemba mbiri amatsutsana kuti pa zimene ananenazo zoona n'ziti. Amatsutsananso za chimene chinadzutsa anthuwo. Ena mwa ogalukira ankati mfumu inawapatsa masiku atatu opuma pa sabata, koma mabwana abisa lamulolo. Ambiri anabadwira ku Africa, ena atamenyapo kale nkhondo ku Kongo. Ululu wa chikwapu sanachite kuuzidwa ndi anzeru a ku Paris. Chomwe anatengako ndi mawu otsutsira France yomweyo, ndipo Toussaint Louverture, yemwe anadzakhala mtsogoleri wawo wamkulu, ankadziwadi kuwagwiritsa ntchito.

France inathetsa ukapolo mu Febuluwale 1794. Mu 1802 asilikali a Napoleon anafika kudzalanda ulamuliro, Toussaint anagwidwa n'kukafera m'ndende yozizira ya Fort de Joux. Dessalines, yemwe anatenga utsogoleri pambuyo pake, anagonjetsa Afalansa ku Vertières, nalengeza ufulu pa 1 Januwale 1804.

Patatha zaka 21, zombo zankhondo zinakocheza ku Port-au-Prince zitanyamula lamulo la Charles X lija. Mu 1838 ndalamazo anazitsitsa kufika pa 90 miliyoni, koma n'kuti Haiti atakongola kale ku mabanki a ku France komweko kuti alipire gawo loyamba.