Musathamangire kudula masamba a daffodil

Ntchito yanga ndi yosamalira minda ya maluwa kuno ku Britain, ndipo Epulo akafika abale athu amandidandaulira chinthu chimodzimodzi: maluwa achikasu aja anachita bwino chaka chatha, koma chaka chino angotulutsa masamba okhaokha. Ndikafunsa bwinobwino, nthawi zambiri wolakwa amakhala makina otchetchera udzu, omwe anadula masamba a daffodil asanaume chaka chathacho.

Daffodil, amene akatswiri a zomera amamutcha Narcissus, amamera kuchokera ku mutu wonga anyezi. Duwa limene mudzalione mu Malichi chaka chamawa limayamba kupangika mkati mwa mutuwo chaka chino, maluwa akangofota. Masamba ndi amene amalandira dzuwa n'kutsitsira chakudya pansi. Tsono ife tinakulira kusesa pabwalo m'mamawa, ndipo tikaona masamba atagona, akuchita chikasu, timati ndi uve. Pirirani, abale. Asiyeni masabata osachepera 6, mpaka aume okha moti mukawakoka pang'ono azingothothoka. Ena amawamanga mfundo kapena ndi labala kuti aoneke mwaudongo. Kuteroko n'kuwabisira dzuwa. Chimene mungathyole ndi duwa lofotalo pamodzi ndi kathumba kambewu kali kumbuyo kwake, kuti mphamvu zisathere pa mbewu. Ngati ali m'miphika, apatseni feteleza wamadzi wa tomato, wokhala ndi potaziyamu wambiri, masamba akadali obiriwira.

Vuto lachiwiri ndi kubzala pamwamba. Dzenje likhale lakuya kuwirikiza katatu kutalika kwa mutu, zomwe pa mitu ikuluikulu zimafika masentimita 15, ndipo nsonga iloze kumwamba. Mutu wobzalidwa pamwamba umauma msanga nthawi yotentha ndipo umagawika timitu ting'onoting'ono tosabala. Bzalani mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Maluwa ena otchedwa tulip angathe kudikira mpaka Novembala, koma daffodil amafuna kuzika mizu nthaka ikadali yofunda. Pa dothi lamakande losunga madzi mitu imaola, choncho sakanizani timiyala tating'ono kapena bzalani pamalo okwera. Amene ali ndi kakhonde kokha ayese mtundu waufupi wotchedwa 'Tête-à-tête', womwe umachita bwino mumphika ndipo mphepo siugwetsa.

Kuzizira musakuope. Mitu imeneyi imafuna masabata angapo achisanu kuti iphuke bwino, n'chifukwa chake sindilimbikitsa munthu kuitumiza kumudzi ku Salima kapena ku Nsanje.

Pakatha zaka zingapo mitu imathinana ndipo maluwa amachepa. Ikumbeni masamba atauma, cha mu Juni kapena Julayi, muilekanitse ndi manja, n'kuibzalanso motalikirana. Mutu wofewa ukautsina utayeni. Kawirikawiri mkati mwake mumakhala mphutsi ya ntchentche inayake imene imadya mitu ya maluwa amenewa.

Pali chimodzi chimene sindinena moseka. Daffodil ndi poizoni, kuyambira mutu mpaka duwa. Muli mankhwala otchedwa lycorine, amene amachititsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, kwa anthu komanso agalu. Mu 2015 bungwe la boma loona za umoyo la Public Health England linalembera masitolo akuluakulu kuwapempha kuti asamaike maluwawa pafupi ndi zipatso ndi ndiwo zamasamba, chifukwa ogula ena ankawasokoneza ndi zakudya. Kwa ife amene sitiphika ndiwo popanda anyezi, ngoziyi ili pafupi kwambiri, makamaka agogo akabwera kudzacheza n'kupeza thumba la mitu pakhonde. Chodabwitsa n'chakuti ku Wales, kumene duwali ndi chizindikiro cha dziko ndipo amalivala pachifuwa pa 1 Malichi, tsiku la St David, woyera mtima wa dzikolo, alimi ena amalilima kuti apeze galantamine, mankhwala othandiza odwala Alzheimer, matenda a mu ubongo oiwalitsa zinthu. Koma zimenezo ndi za ku labotale. Kwanuko, mitu yodikira kubzalidwa muisunge m'shedi, kutali ndi khitchini, ndipo thumbalo mulilembe.