Madola 100,000 a banja la Bowen: mlandu umene unagwira madobadoba n'kusiya makochi akuluakulu

Kuyambira pa 1 July 2025, mayunivesite a ku America akuloledwa kulipira osewera awo poyera. Jaji Claudia Wilken atavomereza pa 6 June mgwirizano wothetsa mlandu wa House v. NCAA, sukulu iliyonse inapatsidwa mwayi wogawira osewera ake ndalama zofika madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba, ndipo osewera a zaka zam'mbuyo adzagawana chipukuta misozi cha madola pafupifupi 2.8 biliyoni. Kusinthaku kwadzutsanso mkangano wa anthu amene anamangidwa mu 2017 chifukwa cholonjeza banja la mnyamata mmodzi wa basketball madola 100,000. Ena akuti lamulo linali lamulo, analiphwanya akudziwa. Ena akufunsa kuti amene anabedwa pa nkhaniyi anali ndani.

Gwero la zonsezi ndi lamulo la bungwe la NCAA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1906 ndipo limayang'anira masewera a m'mayunivesite. Kwa zaka zoposa 100 bungweli linkati wosewera ndi mwana wa sukulu, sangalandire malipiro. Chachikulu chimene ankapeza chinali kulipiriridwa fizi, malo ogona ndi chakudya. Koma mpira womwewo unkabweretsa chuma chosaneneka. Mu 2010 makampani a wailesi yakanema a CBS ndi Turner anagula ufulu woulutsa mpikisano wa basketball wa NCAA wa mwezi wa March pa madola 10.8 biliyoni kwa zaka 14, ndipo mu 2016 anawonjezera madola 8.8 biliyoni kuti apitirize mpaka 2032. Makampani a nsapato nawo analowa kalekale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Sonny Vaccaro anayamba kulipira makochi kuti matimu awo azivala Nike, ndipo m'kupita kwa nthawi Nike, Adidas ndi Under Armour anafika pothandiza matimu a anyamata a kusekondale amene amasewera m'nyengo ya tchuthi. Kumeneko n'kumene mwana wa zaka 15 amadziwikira mtengo wake.

Nkhani za ndalama zapansi pa tebulo sizinayambe mu 2017. Mu 1988 phukusi lopita kwa bambo a wosewera wina amene yunivesite ya Kentucky inkamufuna linatseguka panjira, mkati muli madola 1,000. Ku Michigan, wokonda timu wina dzina lake Ed Martin anapatsa osewera anayi, kuphatikizapo Chris Webber, ndalama zoposa madola 600,000. Kawirikawiri nkhani zotere zinkathera m'manja mwa NCAA: timu kulandidwa zipambano, kochi kuchotsedwa ntchito, basi.

Chimene chinasintha zinthu chinali munthu mmodzi wofuna kudzipulumutsa. Marty Blazer, mlangizi wa zachuma wa ku Pittsburgh, anagwidwa akugwiritsa ntchito ndalama za makasitomala ake popanga mafilimu. Kuti chilango chimuchepere, mu 2014 anayamba kuthandiza boma, n'kuuza ofufuza kuti akhoza kuwaonetsa momwe ziphuphu zimayendera m'masewera a m'mayunivesite. Anavala zojambulira mawu, apolisi a FBI anadzisandutsa anthu achuma ofuna kuika ndalama m'kampani yatsopano yoyang'anira osewera, ndipo mafoni anayamba kumvetseredwa mobisa. Pakati pa ukonde umenewu panali Christian Dawkins, mnyamata wa zaka za m'ma 20 wochokera ku Saginaw, Michigan, dobadoba amene ntchito yake inali kukopa osewera kuti adzasaine ndi maejenti akadzalowa mu NBA, ligi yaikulu ya osewera basketball olipidwa.

Ku Saginaw komweko n'kumene kunkachokera Brian Bowen, mmodzi mwa osewera apamwamba omaliza sekondale mu 2017. Anzake ambiri anali atasankha kale sukulu, iye ali duu. Mwadzidzidzi kumayambiriro kwa June analengeza kuti akupita ku Louisville, yunivesite imene inkavala Adidas. Kochi wake Rick Pitino anauza wailesi ina kuti anangochita mwayi waukulu, popeza sanawonongepo ndalama pomukopa. Koma malinga ndi umboni wa m'khoti, Dawkins, mkulu wa Adidas James Gatto ndi mlangizi wa kampaniyo Merl Code anali atagwirizana zopatsa bambo ake a Bowen madola 100,000 m'magawo anayi. Ndalamazo zinkayenera kutuluka ku Adidas kudzera m'mainivoisi abodza, ngati kuti zikupita ku timu ya anyamata. Gawo loyamba linaperekedwa pamanja mu July, pamalo oimika magalimoto ku New Jersey, ndipo zimene zinafika kwa bamboyo zinali zosakwana madola 20,000. Mwezi wotsatira, Louisville ndi Adidas analengeza mgwirizano wa zaka 10 wa madola 160 miliyoni. Manambala awiriwa ndi oyenera kuwayang'ana pamodzi.

Pa 26 September 2017 maloya a boma ku New York analengeza milandu ya anthu 10. Mkulu wa FBI mumzindawo, William Sweeney, anachenjeza makochi onse kuti boma likudziwa machenjerero awo ndipo kufufuza kukupitirira. Anthu anayembekeza kuti mayina akuluakulu agwa. Pitino anaimitsidwa tsiku lotsatira n'kuchotsedwa mu October. Koma makochi omangidwa anali anayi okha, onse othandizira makochi akuluakulu, onse anthu akuda: Chuck Person wa Auburn, Lamont Evans wa Oklahoma State, Emanuel "Book" Richardson wa Arizona ndi Tony Bland wa yunivesite ya Southern California. Iwowa ankaimbidwa mlandu wina, wolandira ziphuphu kuti azikankhira osewera awo kwa maejenti ndi alangizi a zachuma osankhidwiratu. Mlandu umenewu ndi wosavuta kuumvetsa, ndipo sindikuuchepetsa: kochi amene mwana amamukhulupirira ngati kholo akamugulitsa kwa mlangizi ngati Blazer, wam'chita chipongwe chachikulu.

Mlandu wa Gatto, Code ndi Dawkins, umene unazengedwa mu October 2018 pamaso pa Jaji Lewis Kaplan, ndiwo unali wovuta, ndipo ine ndimaona kuti nkhani yonse inakhotera pamenepa. Ku America kunalibe lamulo la boma lalikulu loika munthu m'ndende chifukwa chongopatsa ndalama banja la wosewera. Lamulo loletsalo linali la NCAA, bungwe loima palokha. Kuti akhale mlandu wa boma, panafunika munthu wobedwa. Boma linati obedwa ndi mayunivesite: Louisville, Kansas ndi North Carolina State. Linati masukuluwa anapereka sikolashipu kwa anyamata amene, chifukwa cha ndalama zobisazo, sanali oyenera kusewera, choncho ananamizidwa n'kuikidwa pangozi yolangidwa. Maloya a oimbidwa mlandu sanakane kuti ndalama zinaperekedwa. Anati anthu awo ankathandiza masukuluwo kupeza osewera amene makochi ankawafuna, ndipo sungabere munthu pomupatsa chimene wapempha. Oweruza wamba anagwirizana ndi boma. Gatto analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 9, Code ndi Dawkins miyezi 6, ndipo khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulocho.

Umboni wake uyenera kuyezedwa mosamala. Mboni zikuluzikulu za boma pa mlanduwu ndi wotsatira wake zinali anthu amene anali ndi chopulumutsa: Blazer, mlangizi wina wa zachuma Munish Sood, ndi T.J. Gassnola, amene anavomera kuti ankanyamula ndalama za Adidas kupita kwa mabanja. Bambo ake a Bowen anaikira umboni atalonjezedwa kuti sazengedwa mlandu. Anatchula ndalama zimene ankati masukulu ena ankalonjeza, koma zambiri anazimva kwa Dawkins, ndipo dobadoba amakonda kukweza mtengo wa katundu wake. Mawu ojambulidwa pafoni ndi olimba kuposa pamenepo, ngakhale nawonso amagwira anthu akudzitama. Will Wade, kochi wamkulu wa yunivesite ya Louisiana State, anamveka akuuza Dawkins za chinthu chachikulu chimene analonjeza pokopa wosewera wina. Pa mlandu wachiwiri mu 2019, wa Dawkins ndi Code wopereka ziphuphu kwa makochi, Jaji Edgardo Ramos anagamula kuti Wade ndi Sean Miller wa Arizona asaitanidwe ngati mboni, motero mafunso amene dziko linkafuna kumva sanafunsidwe polumbira. Gassnola anati ankabisa zimene ankachitazo kwa makochi a Kansas. Oteteza anaonetsa mauthenga a pafoni osonyeza kuti iye ndi kochi Bill Self ankalankhulana pafupipafupi za osewera ofunidwa. Mbali ya boma nayonso sinali yoyera: wapolisi wa FBI amene ankatsogolera ntchito yobisayo anadzavomera mlandu wotchovera juga madola 13,500 a boma ku Las Vegas.

Zotsatira zake n'zimene zimapweteka mtima. Richardson, amene analandira madola 20,000, anakhala m'ndende miyezi itatu, Evans chimodzimodzi, ndipo ntchito zawo m'mayunivesite akuluakulu zinathera pomwepo. Person ndi Bland sanalowe m'ndende. Pa mlandu wachiwiri uja, Dawkins anawonjezeredwa chaka ndi tsiku limodzi. Palibe kochi wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anaimbidwa mlandu. Pitino anakaphunzitsa ku Greece, anabwerera ku America n'kukaphunzitsa ku Iona mu 2020, gulu lozenga nkhani za NCAA silinamupeze wolakwa mu 2022, ndipo mu 2023 analembedwa ntchito ku St. John's. Miller ndi Wade anachotsedwa ntchito, onse n'kupeza matimu ena. Self anapatsidwa kontrakiti yamoyo wonse mu 2021 ndipo Kansas inatenga chikho mu 2022. Makolo amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma apa zodya akulu ndizo zinapota ana. Timu ya Oklahoma State inaletsedwa kulowa mpikisano wa 2022, osewera ake ambiri anali kusekondale pamene Evans ankalandira ziphuphu. Silvio De Sousa, mnyamata wochokera ku Angola, anaphonya nyengo yonse ku Kansas chifukwa Gassnola anati anapatsa womulera madola 2,500, ngakhale NCAA sinaonetse kuti mwanayo ankadziwa. Anapambana apilo mu 2019, chaka chitapita kale.

NCAA inapanga komiti yotsogozedwa ndi nduna yakale ya zakunja ya America, Condoleezza Rice, imene inapereka lipoti mu April 2018 koma sinakhudze lamulo loletsa malipiro. Analigwetsa ndi ena: boma la California ndi lamulo lake la 2019, Khoti Lalikulu la America pa mlandu wa Alston mu June 2021, pamene majaji onse 9 anagamula motsutsa NCAA, ndiponso chilolezo cha pa 1 July 2021 chakuti wosewera azipeza ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chake. Gatto ndi Code anayamba kugwira ukaidi wawo mu 2022, pamene makampani a nsapato anali atayamba kale kusainirana mapangano ndi ana a sukulu poyera.

Brian Bowen sanasewereko ngakhale gemu imodzi ya kuyunivesite. Bambo ake anauza khoti kuti mwanayo sankadziwa za ndalamazo, ndipo boma silinamuimbe mlandu. Louisville inamuimitsa, anasamukira ku South Carolina, NCAA sinamumasule, ndipo anapita kukasewera ku Sydney Kings ku Australia. Mu 2019 palibe timu ya NBA imene inamusankha, ngakhale pambuyo pake anasewerako magemu ochepa ku Indiana Pacers. Anasumira Adidas ndi anthu amene anakonza za ndalamazo, ponena kuti anamuwonongera tsogolo. Mu 2021 khoti la ku South Carolina linataya mlanduwo, ndipo khoti la apilo linavomereza mu 2023. Chifukwa chake chinali chakuti ufulu wosewera mpira pa yunivesite si katundu kapena bizinesi imene lamulo lomwe anasumira limateteza. Makhoti a dziko lomwelo anali atagamula kale kuti sikolashipu imene Louisville inamupatsa inali katundu wobedwa, ndipo analamula opezeka olakwa kubwezera masukulu ndalama.