Chifukwa chake seva imakana poti imene yangoisiya kumene

Mnyamata wina amene amasamalira makompyuta a gulu la alimi a fodya kuno ku Kasungu anandifunsa chifukwa chimene pulogalamu yake yolandira kulemera kwa mabelo imakanira kuyakanso akangoizimitsa, n'kumalemba kuti "Address already in use". Iye ankathetsa vutoli pozimitsa kompyuta yonse, alimi akudikira panja.

Pulogalamu yotereyi, imene timaitcha seva, imatsegula soketi (khomo lolandirira ndi kutumizira mauthenga) n'kuimangirira ku adiresi ya IP (adiresi ya kompyuta pa netiweki) ndi nambala ya poti (nambala yosonyeza pulogalamu yoyenera kulandira mauthengawo), ndipo manambalawa amayambira pa 0 kulekezera pa 65535. Kulumikizana kwa TCP (malamulo amene makompyuta amatsata potumizirana mauthenga) kukatha, mbali imene yayamba kutseka imasunga kaye mbiri ya kulumikizanako kwa nyengo yotchedwa TIME_WAIT. Malamulo a TCP a mu 1981 amapereka mphindi 4, koma Linux imadikira masekondi 60 okha. Pa nyengoyi poti imaoneka ngati ikadali ndi mwini, n'chifukwa chake seva ikafuna kuitenganso imakanizidwa.

Kudikiraku si chilema ayi, ndipo ndimafuna kuti achinyamata athu amvetse zimenezi asanayambe kusintha zinthu. Timagawo ta uthenga timatha kuchedwa m'njira, monga kalata ya munthu amene anasamuka kale m'nyumba ya lendi: ikafika wina atalowamo, angathe kuiwerenga ngati yake. Nyengoyi imapatsa mpata timagawo totsalirato kuti tife tisanasokoneze kulumikizana kwatsopano.

Mankhwala oyenera ndi SO_REUSEADDR, chilolezo chogwiritsanso ntchito adiresi, imene imaikidwa kudzera mu setsockopt (lamulo losinthira khalidwe la soketi) seva isanaitane bind (lamulo lomangirira soketi ku poti), pakuti kuiika pambuyo pake sikuthandiza kanthu. Ikatero, seva imaloledwa kutenganso poti yake ngakhale kulumikizana kwakale kudakali mu TIME_WAIT, ndipo chitetezo chija sichichoka chifukwa kompyuta imasiyanitsa kulumikizana kulikonse ndi zinthu zinayi, adiresi ndi poti za mbali zonse ziwiri. Pa Linux sizitanthauza kuti maseva awiri angadikire mauthenga pa adiresi ndi poti imodzi. Imeneyo ndi ntchito ya SO_REUSEPORT, imene inalowa mu Linux 3.9 mu 2013, ndipo imafuna kuti mapulogalamu onsewo akhale a mwini mmodzi.

Amene mukulembera Windows samalani kwambiri, chifukwa kumeneko dzina lomweli lili ndi khalidwe lina: SO_REUSEADDR ingalole pulogalamu yachilendo kudzimangirira ku poti imene seva yanu ikugwiritsa ntchito n'kumalandira mauthenga anu. Pofuna kutseka khomo limenelo, Microsoft inaika SO_EXCLUSIVEADDRUSE, ndipo ndi imene seva yosunga mbiri ya katundu ndi ndalama za alimi iyenera kugwiritsa ntchito.