Mafunso amene mwakhala mukutifunsa pa matenda opatsirana pogonana

Mzere wa Lolemba kuno ku chipatala ukumatalika ndipo madandaulo ena afika mpaka ku ofesi, ndiye tati tiyankhe pano zomwe mukumatifunsa pakhonde.

Ndi matenda ati?
Chindoko, chinzonono, mabomu, mauka, njerewere za kumaliseche komanso HIV.

Ndingadziwe bwanji kuti ndatenga?
Abambo, mafinya kapena kuwotcha pokodza, nthawi zambiri pasanathe sabata. Amayi, chikazi chonunkha kapena chosintha mtundu, kuyabwa, kupweteka m'munsi mwa mchombo. Koma amayi ambiri samva kalikonse, ndiye pamene pamatidetsa nkhawa chifukwa chinzonono chikakhalitsa chimatseka njira za mazira.

Kachilonda kanapola kokha, ndibwerebe?
Eya bwerani. Chindoko chimayamba ndi kachilonda kosawawa, kamapola pakatha masabata 3 mpaka 6 koma matenda ali m'magazi, kenako zidzolo m'zikhatho ndi kumapazi. Chimatha kupha mwana m'mimba, nchifukwa chake ku sikelo timayeza magazi.

Bwanji munandipatsa mankhwala osandiyeza ku labu?
Si ulesi. Ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo imatilola kuchiza potengera zizindikiro kuti mulandire thandizo tsiku lomwelo.

Akuti mumabweza munthu akabwera yekha?
Sizikuyenera kutero, ndipo ngati zinakuchitikirani pepani, mudzatiuze. Timakuthandizani kaye inuyo, kenako timakupatsani kakalata koti mukapatse mnzanu. Tikudziwa kuti m'banja nkhaniyi ndi yovuta, ena amaopa kumenyedwa, muuzeni namwino muone limodzi njira. Koma mnzanuyo akapanda kuchizidwa mudzatenganso. Dikirani masiku 7 nonse mutalandira mankhwala musanagonane.

Kuyezetsa HIV nkokakamiza?
Ayi, timangokulimbikitsani chifukwa zilonda zimapereka mpata kuti kachilomboka kalowe mosavuta.

Mumati ndi zaulere, nanga bwanji anandiuza ndikagule ku famase?
Ili ndi funso lomwe likubwera kwambiri. Ku chipatala cha boma kuonana ndi dokotala komanso mankhwala simulipira, ku zipatala za mishoni za CHAM ndi za pulayiveti nthawi zambiri pamakhala kolipira. Tivomereze kuti nthawi zina mankhwala ena amatha, sitingalonjeze kuti tsiku lililonse alipo, ndiye timakulemberani m'buku dzina ndi mlingo wake kuti mukagule oyenera, osati makapisozi awiri a pagolosale amene amangoziziritsa mafinya matenda nkumalimba. Wina akakupemphani ndalama pamanja musapereke, pitani kwa mkulu wa chipatala tsiku lomwelo.